Wahl na Stimme: Mau a Chijelemani Amene Mbili Yake Inapita na Pano pa Zambia

Mu Lusaka masiku ano Chijelemani chagwila msika. Ku Avondale, ku Chelstone, ku Kabwata, mupeza wachinyamata ali na mahedifoni mu minibasi, akubweleza mau pansipansi. Ena afuna kukaphunzila unesi kapena nchito zamanja ku Germany, ena afuna yunivesiti, ena angokonda chabe chinenelo. Maphunzilo oyamba ni okoma: kupeleka moni, kugula buledi, kufunsa nthawi ya sitima. Koma mukakwela kufika ku B1, pamabwela mutu wa boma na masankho, ndipo apa ambili amafoka. Mau ake ni atali monga sitima ya TAZARA: Bundestagswahl, Bundesverfassungsgericht, Misstrauensvotum. Muloweza usiku, kukacha mwaiwala.

Amaiwalika chifukwa timawaloweza monga mndandanda wa zogula. Koma pafupifupi liu lililonse pa mau awa linabadwa pa tsoka linalake kapena pa mkangano winawake, ndipo mukadziwa nkhani yake, silichokanso m'mutu. Mbili imeneyi inakumana na yathu katatu konse: mu 1918, mu zaka za m'ma 1970, na pakati pa 1989 na 1991.

Mau awili oyambila

Loyamba ni die Wahl. Amatchula kuti "vaal", chifukwa W wa Chijelemani amamveka monga V. Tanthauzo lake ni kusankha, kaya musankha nsapato ku Kamwala kapena mtsogoleli wa dziko. Ni chimodzimodzi na liu lathu lakuti chisankho, limene linachokela ku kusankha. Mneni wake ni wählen: kusankha, kuvota, ngakhale kudinda nambala pa foni.

Lachiwili ni die Stimme, amatchula "shtime". Ili ni liu la pakhosi, limene mumakambila na kuimbila. Ndipo ni liu lomwelo limene amagwilitsila nchito pokamba voti. Mjelemani akavota amati seine Stimme abgeben, kupeleka liu lake. Ise tinabweleka "voti" ku Chingelezi, ndiye ubale wa voti na pakhosi sumveka. Kwa iwo umamveka nthawi zonse: amene alibe voti alibe liu.

Mau ataliatali aja ni mau aafupi omatidwa pamodzi. Chinsinsi ni kuwelenga kuyambila kumbuyo, chifukwa liu lothela ndiye limanena chinthucho, ndipo ndiye limasankha ngati mudzati der, die kapena das. Kampf ni kulimbana, ndiye der Wahlkampf ni kampeni. Das Wahllokal ni malo ovotela, die Wahlurne ni bokosi, der Stimmzettel ni pepala lovotela, die Wahlkabine ni kachipinda kamene mumachongela muli nokha, das Wahlergebnis ni zotulukapo. Kachipinda ako mukakumbukile, tidzabwelelako.

1918: nkhondo ya Kaiser inathela pa Chambeshi

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inasiya kulila ku Europe pa 11 November 1918. Koma mu Northern Rhodesia asilikali a Germany, otsogoleledwa na Paul von Lettow-Vorbeck, anali akali kuyenda na mfuti. Anali atalowa mu Kasama, ndipo uthenga wakuti nkhondo yatha unawapeza pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November. Anatula zida ku Abercorn, kumene manje ni ku Mbala, pa 25 November. Anali Ajelemani pafupifupi 155, ma askari a mu Africa oposa 1,100, na onyamula katundu ambili. Pa Chambeshi pali chikumbutso cha tsikulo mpaka lelo.

Lettow-Vorbeck anamenya nkhondoyo m'dzina la der Kaiser, mfumu yaikulu Wilhelm II. Pamene anali kuyandikila Chambeshi, mfumuyo inali itachoka kale pampando. Pa 9 November ku Berlin analengeza die Republik, dziko lopanda mfumu, ndipo boma linapita m'manja mwa Friedrich Ebert, mwana wa telala, amene anaphunzila nchito yosoka zishalo za mahachi. Pa 19 January 1919 Ajelemani anavota, ndipo kwa nthawi yoyamba akazi anavota nawo. Recht ni ufulu kapena lamulo, ndiye das Wahlrecht ni ufulu wovota, ndipo das Frauenwahlrecht ni ufulu wovota wa akazi.

Ma askari aja, na makolo athu amene anatengedwa mokakamiza kukanyamula katundu wa nkhondo kumbali zonse ziwili, sanapeze Wahlrecht iliyonse pa mtendele umenewo. Germany inalandidwa maiko ake a mu Africa mu 1919, koma anangopatsidwa kwa atsamunda ena. Kuno, chisankho choyamba chimene munthu wamkulu aliyense analoledwa kuvota chinabwela mu January 1964, patapita zaka 45.

1933 na 1949: chifukwa chake Kanzler sasankhidwa na anthu

Funso limene ophunzila ambili amafunsa n'lakuti: nanga Germany ili na pulezidenti, n'chifukwa chiani timangomva za Kanzler? Yankho lili mu kugwa kwa Republik yoyamba ija.

Nyumba ya malamulo ya nthawiyo, der Reichstag, inali na zipani zambili zosamvana, ndipo maboma ena anali kutha miyezi chabe. Zipani zimene zinali kudana kothelatu zinali kugwilizana pogwetsa boma, koma osagwilizana za amene adzalowa m'malo. Pulezidenti anali kusankhidwa na anthu, ndipo anali na mphamvu zolamulila popanda nyumba ya malamulo pa nthawi ya vuto. Chipani cha Adolf Hitler chinapeza mavoti 37 pa 100 mu July 1932, na 33 pa 100 mu November chaka chomwecho. Sichinafike theka. Pulezidenti Paul von Hindenburg ndiye anamuika pa mpando wa Kanzler pa 30 January 1933. Pa 23 March, Reichstag inavomeleza das Ermächtigungsgesetz, lamulo lopatsa boma mphamvu yopanga malamulo palokha. Mavoti anali 444 kwa 94. Okana onse anali a chipani cha SPD, chipani cha Ebert. Aphungu achikomyunizimu anali atamangidwa kapena kuthawa. Pofika July zipani zina zonse zinali zoletsedwa. Zotsatila zake ni nkhondo yachiwili na kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni.

Ndiye pamene West Germany inali kulemba malamulo oyendetsela dziko, das Grundgesetz, amene analengezedwa pa 23 May 1949, olembawo anali na funso limodzi: titseke bwanji makomo amene tsoka lija linalowela? Mau ovuta a m'buku lanu la B1 ni maloko a pa makomo amenewo.

Der Bundespräsident anachepetsedwa mphamvu. Sasankhidwa na anthu onse koma na msonkhano wapadela, ndipo nchito yake ni kuimila dziko na kusaina malamulo. Frank-Walter Steinmeier, amene anabwela ku Lusaka mu November 2023, ali pa mpando umenewo. Bajeti na nduna sizili m'manja mwake. Woyendetsa boma, die Regierung, ni der Bundeskanzler, kapena die Bundeskanzlerin ngati ni mzimai monga Angela Merkel, ndipo amasankhidwa na der Bundestag, nyumba ya malamulo. Bund ni mgwilizano wa zigawo, zimene lelo zili 16, ndipo maboma a zigawozo ali na nyumba yawo, der Bundesrat.

Das Misstrauensvotum ni voti yakuti "sitikukhulupililaninso". Koma anaika liu kutsogolo kwake, konstruktiv: aphungu sangachotse Kanzler pokhapo ngati pa voti yomweyo asankha womulowa m'malo. Die Fünf-Prozent-Hürde ni mpanda wa mavoti 5 pa 100, umene chipani chifunika kulumpha kuti chilowe mu Bundestag, kuti tuzipani tusachuluke monga kale. Ndipo sitima ya TAZARA ija, das Bundesverfassungsgericht, mukaidula ni Bund, Verfassung na Gericht: khoti ya dziko yoona za malamulo oyendetsela dziko. Inayamba nchito ku Karlsruhe mu 1951. Yathu ya mtundu umenewu tinaipeza mu 2016.

Ma Germany awili mu Lusaka

Mu 1949 momwemo, pa 7 October, kum'mawa kunabadwa Germany ina: Deutsche Demokratische Republik, mwachidule DDR. Kuyambila pamenepo kunali maiko awili okamba chinenelo chimodzi, onse akuti Wahl, onse akuti Demokratie, koma akutanthauza zinthu zosiyana.

Onse awili anafuna ubwenzi na Africa. Kwa zaka zambili boma la ku Bonn linali kuopseza kuti lidzadula ubale na dziko lililonse limene lizindikila DDR. Izi zinatha pamene ma Germany awiliwo anasainilana pangano mu December 1972, ndipo mu 1973 Zambia inatsegula ubale na DDR, uku ikali paubwenzi na Bonn. Mu June 1978 Kanzler Helmut Schmidt wa kumadzulo anabwela ku Lusaka. Mu February 1979 kunabwela Erich Honecker wa kum'mawa. A Kaunda analandila onse awili m'miyezi 8 chabe. Lusaka ya nthawiyo inali likulu la omenyela ufulu a ANC na ZAPU, ndiye aliyense anafuna kuoneka pano.

Akumadzulo analowanso kudzela m'mabungwe a zipani zawo. Die Stiftung ni bungwe lokhazikitsidwa na chuma chopatulidwa, ndipo Friedrich-Ebert-Stiftung, lotchedwa dzina la Ebert uja wa mu 1918, linagwila nchito na mabungwe a anchito a mu Zambia ndipo linathandiza kumanga President's Citizenship College pafupi na Kabwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Malo amenewo ndiye anakhala Mulungushi University mu 2008.

Akum'mawa anazika mizu kwambili kwa aneba athu ku Mozambique. Akatswili a DDR anagwila nchito ku migodi ya malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete, kumene Chinyanja chimakambidwa monga ku Chipata. Pa ulendo womwe uja wa February 1979, Honecker anafika ku Maputo, ndipo kunasainidwa pangano limene linatumiza achinyamata a ku Mozambique pafupifupi 20,000 kukagwila nchito m'mafakitale a DDR. Kuyambila 1982 ana pafupifupi 900 anapita kukaphunzila ku sukulu ina m'tauni ya Staßfurt. Amenewa ndiye anthu a m'chigawo chathu amene anaphunzila Chijelemani ali gulu lalikulu, ndipo mau a ndale amene anaphunzila anali a kum'mawa: die Partei, chipani, chimene aliyense anali kudziwa kuti ni SED olo osachitchula, der Genosse, mnzako wa m'chipani, monga mmene kuno anali kukambila kuti "comrade", die Volkskammer, nyumba ya malamulo, kapena kuti chipinda cha anthu.

Kupinda pepala, na chule

M'DDR masankho anali kuchitika pa nthawi yake. Munalinso zipani zina zinayi kupatula SED. Koma onse ofuna mipando anali kulembedwa pa mndandanda umodzi, die Einheitsliste, ndipo mipando inali itagawidwa kale chisankho chikalibe kuchitika. Wovota anali kulandila pepala, kulipinda, kuponya m'bokosi, ndipo iyo inali "inde". Wofuna kukana anafunika kukhwacha dzina lililonse, ndipo kuti achite zimenezo anafunika kulowa mu Wahlkabine aliyense akuona. Kachipinda kamene kanapangidwila kubisa voti ndiye kanali kuulula munthu. Zotulukapo zinali kukhala pafupi na 99 pa 100. Anthu wamba anachipatsa dzina lawo chisankho chotele: Zettelfalten, kupinda pepala. Dzina la dziko linali na liu lakuti demokratisch pakati, koma chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyelele.

Manje bwelani kwathu. Mu December 1972, mwezi womwe uja wa pangano la ma Germany awili, Zambia inakhala dziko la chipani chimodzi, pambuyo pa komishoni ya a Mainza Chona. Mu Chijelemani ni der Einparteienstaat: ein, Partei, Staat. Koma zathu sizinali zofanana ndendende na za DDR. Pa mipando ya aphungu panali mpikisano weniweni pakati pa mamembala a UNIP, ndipo nduna zina zinali kuluza. Pa mpando wa pulezidenti ndiye panali dzina limodzi, na "inde" kapena "ayi", mu 1973, 1978, 1983 na 1988. Mu 1978 a Simon Kapwepwe na a Harry Nkumbula anayesa kupikisana na a Kaunda mukati mwa UNIP, koma malamulo a chipani anasinthidwa ndipo anatsekeledwa kunja. Pa pepala lovotela, "inde" anali na chizindikilo cha nkhwazi, ndipo "ayi" anali kupatsidwa nyama yosasililika. Imene akuluakulu amakumbukila kwambili ni chule. Funsani ambuye anu, adzakuuzani akuseka kuti a KK anapikisana na chule. Mu 1988 "inde" anapeza mavoti oposa 95 pa 100.

Dikishonale idzakuuzani kuti za ku Leipzig mu 1986, za ku Bonn mu 1987 na za ku Lusaka mu 1988 zonse ni Wahl. Koma liulo limachokela ku kusankha, ndipo pamene palibe zinthu ziwili zosankhapo, latsala dzina chabe.

1989 mpaka 1991: anthu anayamba kuwelenga okha

Pa 7 May 1989 m'DDR munali masankho a makhansala. Lamulo linali kulola nzika kuonelela die Auszählung, kuwelenga mavoti, ngakhale kuti ambili sanali kuyesa. Ulendo uno magulu ang'onoang'ono, ambili okumana m'matchalitchi, anagawana malo ovotela, analemba manambala a pa malo alionse, madzulo n'kuwaphatikiza. Usiku womwewo Egon Krenz analengeza pa TV kuti 98.85 pa 100 avomeleza mndandanda. Koma m'madela ena mavoti a "ayi" amene anthu anawelenga na maso awo, pa malo ena chabe, anali ochuluka kupambana amene boma linalengeza pa dela lonse. Bodza linagwidwa na masamu a ku pulayimale. Liu la chaka chimenecho linakhala die Wahlfälschung, kubela chisankho, ndipo pa 7 mwezi uliwonse anthu anali kutuluka kukachita zionetselo.

Pa 9 October anthu pafupifupi 70,000 anayenda m'misewu ya Leipzig akufuula kuti "Wir sind das Volk", anthu ndise. Boma linali kuika liu lakuti Volk pa chilichonse, pa apolisi, pa asilikali, pa nyumba ya malamulo, ndiye eni ake analilanda. Honecker anachoka pa 18 October, chipupa cha Berlin chinatseguka pa 9 November, ndipo pa 1 December Volkskammer inafafaniza m'ndime yoyamba ya malamulo a dziko mau opatsa SED utsogoleli. Pa 18 March 1990 kunachitika chisankho choyamba chaufulu, ndipo ovota anapitilila 93 pa 100. Ichi amati die Wahlbeteiligung, kuchuluka kwa amene atengako mbali. Pa 3 October 1990 DDR inatha. Nthawi yonseyi amaitchula kuti die Wende, kukhota.

Kukhota kwathu kunali na zifukwa zake: kugwa kwa mtengo wa kopa, nkhongole, mizele ya unga na sopo. Koma anchito a ZCTU, ophunzila a ku UNZA na matchalitchi anali kuona zimene zinali kuchitika ku Europe, ndipo zinawalimbitsa mtima. Mu June 1990 mtengo wa unga unakwela kuposa kuwilikiza kawili, Lusaka inaphulika, anthu anafa. Pa 30 June Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Sizinathe tsiku, koma anthu anali atatuluka kale m'misewu akusangalala. Pa 20 July kunayamba msonkhano wa ku Garden House Hotel umene unabala MMD. A Kaunda anali atalonjeza kufunsa anthu onse pa voti ya "inde" kapena "ayi", chimene Ajelemani amati die Volksabstimmung, koma mu September anaisiya n'kuvomeleza zipani zambili. Mu December 1990 ndime 4 ya malamulo a dziko, imene inali kuloleza UNIP yokha, inachotsedwa, chaka chimodzi pambuyo pa ndime ija ya ku DDR.

Pa 31 October 1991 kunali zinthu ziwili zosankhapo. Kunalinso die Wahlbeobachter, oonelela chisankho, a m'matchalitchi na m'mabungwe a muno pamodzi na akunja monga Jimmy Carter, ndipo monga ku DDR kuja, manambala a pa malo ovotela anaphatikizidwa paokha kuti ayelekezedwe na a boma. A Frederick Chiluba anapeza pafupifupi 76 pa 100, MMD inatenga mipando 125 pa 150, ndipo a Kaunda anavomeleza. Der Machtwechsel, kusinthana mphamvu, kunachitika popanda mfuti.

Mavoti 29 kuno, mavoti 29 kuja

Mau otsala amamveka bwino mukaika masankho awili pambalipambali. Mu December 2001 a Levy Mwanawasa anapambana na mavoti pafupifupi 29 pa 100, pa opikisana 11, ndipo anatenga State House yonse. Pa 23 February 2025 CDU na CSU, zipani za Friedrich Merz, zinapeza 28.5 pa 100. Manambala ofanana, koma Merz anangopeza mpata wopita kukapempha chipani china. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Chijelemani chake ni die Koalition. Anakambilana na SPD kwa masabata, analemba pangano, der Koalitionsvertrag, ndipo olo n'telo, pa 6 May anapelewela mavoti mu Bundestag pa ulendo woyamba, n'kupambana pa wachiwili tsiku lomwelo. Schmidt uja anabwela ku Lusaka anachoka pampando mwa njila ya aphungu yomweyi: Koalition yake inasweka, ndipo pa 1 October 1982 Bundestag inasankha Helmut Kohl kudzela mu Misstrauensvotum.

Kusiyanaku kumachokela pa pepala lovotela. Pa chisankho cha 2021, wokhala ku Avondale kapena ku Chelstone anavotela phungu mmodzi wa Munali, pa madela 156 a m'dziko lonse; wopeza mavoti ambili anatenga mpando, ndipo mavoti a oluza anathela pomwepo. Mjelemani amachonga kawili pa pepala limodzi. Die Erststimme, liu loyamba, ni la munthu wa m'dela lake, der Wahlkreis, ndipo madela amenewa ali 299. Die Zweitstimme, liu lachiwili, ni la chipani, ndipo ngakhale limatchedwa lachiwili ndiye lalikulu, chifukwa mipando 630 ya Bundestag imagawidwa molingana nalo. Njila iyi nayo ili na olila ake. Mu 2025 chipani cha BSW chinapeza 4.98 pa 100, chinagunda mpanda uja, ndipo ovota ake pafupifupi 2.5 miliyoni anatsala opanda phungu.

Ise tinakonza vuto la 2001 mwa njila ina. Kuyambila 2016 pulezidenti afunika die absolute Mehrheit, mavoti oposa theka, ndipo akapelewela pamakhala die Stichwahl, chisankho chobweleza cha awili apamwamba. Nkhani yosakaniza mipando ya madela na mipando yogawidwa molingana na mavoti a chipani inalimo mu malipoti a komishoni ya a Willa Mung'omba mu 2005, ndipo inabwelanso na Bill 7 mu 2025. Wophunzila Erststimme na Zweitstimme amamva bwino mkangano wa kwawo.

Onjezani awa m'kabuku kanu: der Abgeordnete kapena die Abgeordnete ni phungu, die Opposition ni otsutsa, das Gesetz ni lamulo, das Wahlversprechen ni lonjezo la pa kampeni, limene m'zinenelo zonse limafota msanga. Ich gehe wählen ndiye kuti ndipita kukavota. Wen hast du gewählt? ndiye kuti wavotela ndani, koma funso ili musalifunse kwa munthu amene mwangodziwana naye kunchito. Das Wahlgeheimnis, chinsinsi cha voti, amachilemekeza, ndipo amene anakulila kum'mawa adziwa mtengo wake.

Amene alibe Stimme

Achinyamata a ku Mozambique aja anakamba Chijelemani bwino, ena anabala ana kumeneko, koma analibe liu pa zimene zinawachitikila. DDR itatha, ambili anabwezedwa kwawo, ndipo gawo la malipilo awo limene linali kudulidwa, powauza kuti adzalipeza kunyumba, ambili sanalione lonse. Amatchedwa Madgermanes, ndipo kwa zaka zambili akhala akuguba m'misewu ya Maputo pa Chitatu paliponse kufunsa ndalama zawo.

Amene mupita ku Germany lelo muli na chitetezo cha malamulo chimene iwo analibe, koma mudziwe ichi: mudzalipila msonkho kuyambila pa malipilo oyamba, koma Bundestag simudzaivotela mpaka mutakhala nzika, der Staatsbürger kapena die Staatsbürgerin. Kuyambila June 2024 munthu angapemphe unzika, die Einbürgerung, atakhala zaka 5, ndipo saumilizidwa kutaya pasipoti ya kwawo. Zambia nayo inalola unzika wa maiko awili mu 2016. Pafunika Chijelemani cha B1 na mayeso a mafunso 33, pamene mufunika kukhoza 17. Mafunso ambili ni a mau omwe awa: Grundgesetz, Zweitstimme, Bundesrat, 1933, 1989. Mutu umene mufuna kulumpha m'buku ndiye udzakutsegulilani Wahlkabine.

Pakali pano Stimme yanu ili kuno. Ajelemani amavota pa Sondo. Ise pa Chinayi chachiwili cha August, zaka 5 zilizonse. Mu 2021 achinyamata anaima pa mizele kuyambila mbandakucha, ndipo boma linasintha kachitatu kudzela m'bokosi, mavoti oposa 2.8 miliyoni kwa oposa 1.8 miliyoni. Mavoti amawelengedwa pa malo ovotela pomwepo, oimila zipani na oonelela alipo, ndipo zotulukapo zimamatidwa panja kuti aliyense aone. Pepala lija la pa chitseko cha kalasi ni chinthu chimene anthu a ku DDR anayenda nacho usiku wa pa 7 May 1989, akulemba na pensulo, akudziwa kuti apolisi achinsinsi akuwaona. Mukavota, bwelelani madzulo mukaliwelenge. Dzina lake ni das Wahlergebnis.